Mlandu wa malo pakati pa Apalestina ndi Aisraeli: unayambira pati, nanga bwanji sukutha

Nkhani ya Gaza ikangotuluka pa wailesi sipalephera kupezeka munthu wonena kuti aaa zisiyeni izo, anthu amenewo anayamba kumenyana kalekale nthawi ya Isake ndi Ismaeli ndipo sadzasiya mpaka dziko lidzathe. Ineyo mawu amenewa amandiwawa, chifukwa amatseka nkhani isanayambe n'komwe, komanso si oona. Mlandu umene ukutha anthu lerowu sunakwanitse ngakhale zaka 150, ndipo mukautsata phazi ndi phazi mupeza kuti ndi mlandu wa minda, zitsime, nyumba, mapepala a umwini wa malo, ndi funso loti kodi ndani akhale nzika ya boma liti. Chipembedzo chilimo inde, makamaka tikafika pa Jerusalem, koma chimene chakhala chikusuntha anthu pa nthaka yawo nthawi zambiri ndi pepala, mwina kalata, mwina mapu, mwina lamulo, lolembedwa ndi munthu amene sanafunse okhala pamalopo. Ndipo malo ake ndi ochepa zedi, kuchoka ku mtsinje wa Jordan kukafika ku nyanja ya Mediterranean ndi pafupifupi masikweya kilomita 27,000, kufanana ndi chigawo cha kumpoto cha Malawi basi, koma mmenemo muli Ayuda oposa 7 miliyoni ndi Apalestina a chiwerengero pafupifupi chomwecho.

Tiyambe ndi kuvomereza kuti onse awiri sakunama akamati ali ndi mizu pamenepo. Ayuda anali ndi maufumu awo m'dzikolo, kachisi wawo ku Jerusalem anagwetsedwa ndi Aroma m'chaka cha 70, ambiri anabalalika koma ena ochepa sanachoke, anakhalabe ku Jerusalem, Hebron, Safed ndi Tiberias, ndipo obalalikawo kulikonse kumene anali ankapemphera atayang'ana komweko. Aluya olankhula Chiarabu, Asilamu ndi Akhristu omwe, akhala akulima nthaka imeneyo mibadwo yosawerengeka, mitengo ya maolivi ina imene amakolola lero inabzalidwa ndi makolo amene mayina awo anaiwalika kale. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800 iwowa ndi amene anali ochuluka kwambiri, Ayuda sankafika ngakhale mmodzi pa anthu 10 alionse. Ndipo panalibe boma lotchedwa Israel kapena lotchedwa Palestine, dera lonselo linali pansi pa ufumu wa Ottoman wa ku Turkey kuyambira 1517.

Pepala loyamba limene anthu ambiri salidziwa ndi la 1858. Chaka chimenecho boma la Ottoman linakhazikitsa lamulo loti malo azilembetsedwa m'kaundula wa boma. Mlimi wamba anaona kuti ukalembetsa dzina lako ndiye kuti waitana msonkho, komanso ana ako aamuna awatengera ku usilikali, nde ambiri sanalembetse kapena analola kuti munthu wolemera wa m'tauni alembetse m'dzina lake, iwo n'kumalimabe monga kale osadziwa kuti pa pepala asanduka alendi pa munda wa agogo awo. Malo ena akuluakulu anagulidwa ku boma ndi mabanja a chuma okhala kutali, monga banja la Sursock la ku Beirut limene linali ndi gawo lalikulu la chigwa cha Jezreel. Sungani nkhani imeneyi chifukwa lamulo lomweli lidzatulukiranso patapita zaka 120.

Nthawi yomweyo ku Ulaya Ayuda anali pa moto. Ku Russia kuyambira 1881 magulu a anthu ankalowa m'madera awo kupha ndi kuwotcha boma likungoonerera. Mtolankhani Theodor Herzl anafika poona kuti Myuda sadzakhala pa mtendere mpaka atakhala ndi boma lakelake, ndipo mu 1897 anaitanitsa msonkhano ku Basel umene unayala maziko a gulu la Zionism. Mu 1903 a Britain anawalozera malo kuno ku Africa, amene anthu amati pulani ya Uganda ngakhale malowo ali mu Kenya wa lero, koma gululo linakana, mtima wawo unali ku Palestine. Anayamba kubwera m'magulu n'kumagula malo ndi ndalama, mwalamulo ndithu, ndipo thumba la Jewish National Fund limene linayamba mu 1901 linali ndi mfundo yoti malo akagulidwa sagulitsidwanso, akhala a mtundu wa Ayuda mpaka kalekale ndipo obwereka akhale Ayuda okha. Apa ndiye pamene zinayambira kupsa. Wogula ali ndi lisiti m'manja, walipira ndalama zambiri, wathawa imfa kumene wachokera. Mlimi wa ku Jezreel m'ma 1920 akuuzidwa kuti asamuke chifukwa bwana wa ku Beirut amene sanamuonepo wagulitsa. Aliyense akudziona wolungama. Amene anakulira ku Thyolo kapena ku Mulanje mphepete mwa maesiteti akudziwa mmene zimapwetekera pepala likamalankhula mokweza kuposa manda a makolo.

Kenako kunabwera nkhondo yoyamba ya dziko lonse, ndipo Britain analonjeza ng'ombe imodzi kwa anthu atatu. Mu 1915 ndi 1916 Henry McMahon, woimira Britain, analemberana makalata ndi Sharif Hussein wa ku Mecca kumupatsa chiyembekezo cha ufumu wa Aluya akaukira Turkey, mu 1916 momwemo Britain ndi France anagawana deralo mwachinsinsi pa mgwirizano wa Sykes-Picot, ndipo pa 2 Novembala 1917 nduna Arthur Balfour inalembera Lord Rothschild kalata yoti Britain ikugwirizana ndi zokhazikitsa mudzi wa mtundu wa Ayuda ku Palestine. Kalatayo inatinso ufulu wa ena usasokonezedwe, koma enawo, omwe anali pafupifupi 90 peresenti ya anthu onse, sinawatchule ngakhale dzina, inangoti magulu amene si Ayuda, ndipo sinanene kanthu za ufulu wawo wa ndale. Mu 1922 bungwe la League of Nations linapereka dzikolo m'manja mwa Britain kalatayo italowetsedwa m'malamulo ake. Kalembera wa chaka chimenecho anapeza anthu pafupifupi 757,000, Ayuda ali 11 peresenti.

Zaka 30 za ulamuliro wa Britain zinali za magazi kumbali zonse. Mu 1929 zipolowe zoyambira pa khoma lopatulika ku Jerusalem zinapha Ayuda 133, mwa iwo 67 ku Hebron kokha, ndi Aluya oposa 100. Hitler atatenga boma mu 1933 Ayuda obwera anachuluka kowirikiza, Aluya anaukira kuyambira 1936 mpaka 1939 ndipo Britain anawaphwanya mwankhanza, atsogoleri awo ena anaphedwa ena anathamangitsidwa, zimene zinawasiya opanda mutu pa nthawi imene ankaufuna kwambiri. Komiti ya Peel mu 1937 ndi imene inayamba kunena zodula dzikolo pawiri. Mu 1939 Britain anatembenuka n'kuchepetsa Ayuda ololedwa kulowa kufika pa 75,000 m'zaka zisanu, nthawi yomweyo imene zitseko zonse za ku Ulaya zimatsekeka. Ayuda 6 miliyoni anaphedwa ndi a Nazi. Munthu amene sakumvetsa bala limeneli sangamvetse chifukwa chake Mwisraeli wamba sakhulupirira lonjezo la chitetezo lochokera kwa wina aliyense. Koma Mpalestina nayenso amafunsa funso limene silinayankhidwe mpaka lero, loti tchimo linachitikira ku Ulaya, bwanji ngongole yake ikulipidwa ndi munda wanga.

Britain atatopa, makamaka gulu lankhondo la Ayuda la Irgun litaphulitsa hotela ya King David mu 1946 n'kupha anthu 91, anatula mlanduwo ku United Nations. Pa 29 Novembala 1947 mayiko 33 anavomereza chigamulo nambala 181, mayiko 13 anakana, 10 sanavote. Mapu ake anapereka pafupifupi 56 peresenti ya dzikolo ku boma la Ayuda, yotsalayo ku boma la Aluya, Jerusalem n'kukhala pansi pa ulamuliro wa mayiko onse. Nthawi imeneyo Ayuda anali gawo limodzi mwa magawo atatu a anthu ndipo malo amene anali atagula sankapitirira 7 peresenti, ngakhale ndi zoonanso kuti mbali yaikulu ya gawo lawo inali chipululu cha Negev. Atsogoleri a Ayuda anavomera, a Aluya anakana kuti sitingagawane nyumba yathu ndi chigamulo cha alendo. Anthu amatsutsana mpaka lero ngati kukanako kunali kulakwitsa, ineyo ndimaona kuti zotsatira zake zinawapweteka koopsa, koma sindikudziwanso mtundu wa anthu umene ukanasainira mapu otero mosavuta.

Nkhondo inayamba pompo pakati pa magulu a m'dzikomo, ndipo David Ben-Gurion atalengeza boma la Israel pa 14 Meyi 1948, mawa lake asilikali a Egypt, Transjordan (Jordan wa lero), Syria, Iraq ndi Lebanon analowerera. Israel inapambana, inataya anthu pafupifupi 6,000, mmodzi pa anthu 100 alionse amene inali nawo. Apalestina oposa 700,000 anachoka m'makwawo, ena kuthawa nkhondo, ena atamva za kuphedwa kwa anthu oposa 100 m'mudzi wa Deir Yassin mu Epulo, ena kuthamangitsidwa ndi mfuti monga zinachitikira ku Lydda ndi Ramle mu Julayi. Midzi yoposa 400 inatsala mabwinja, yambiri inagumulidwa. Tsiku limene Aisraeli amakondwerera ufulu, Apalestina amalitcha Nakba, kutanthauza tsoka lalikulu. Kumbali inayo Ayuda a mu mzinda wakale wa Jerusalem anathamangitsidwa ndi asilikali a Jordan, a ku Kfar Etzion anaphedwa, ndipo m'zaka zotsatira Ayuda pafupifupi 800,000 anachoka m'mayiko a Aluya monga Iraq, Yemen, Egypt ndi Morocco, ambiri atasiya katundu wawo yense. Pomwe mfuti zimaleka mu 1949 Israel inali ndi 78 peresenti ya dzikolo, Jordan anatenga West Bank, dera la kumadzulo kwa mtsinje wa Jordan, Egypt anagwira Gaza, ndipo boma la Apalestina lija silinabadwe, Aluya anzawo omwe sanawapatse.

Pamenepa ndikufuna tichedwepo pang'ono, chifukwa anthu amakangana kwambiri zoti kodi anathawa okha kapena anathamangitsidwa, pomwe nkhani yaikulu ndi yoti sanaloledwe kubwerera. Munthu kuthawa nkhondo si kugulitsa nyumba. Chigamulo 194 cha United Nations cha Disembala 1948 chinati ofuna kubwerera kukakhala mwamtendere aloledwe, koma Israel inakana poona kuti akabwerera Ayuda sakhalanso ochuluka m'boma lawo. Mu 1950 inapanga malamulo awiri amene ndi msana wa nkhani yonseyi. Lina limati Myuda aliyense padziko lapansi ali ndi ufulu wobwera n'kukhala nzika. Linalo limati katundu wa aliyense amene panalibe, nyumba, munda, ngakhale ndalama za ku banki, apite m'manja mwa woyang'anira wa boma. Ndipo panalibeyo tanthauzo lake linali lotambalala moti ngakhale munthu amene anangothawira mudzi woyandikana nawo n'kukhalabe mkati mwa Israel, n'kulandira unzika, anatayabe malo ake. Pali mudzi wa Akhristu wotchedwa Iqrit kufupi ndi malire a Lebanon, anthu ake anauzidwa ndi asilikali chakumapeto kwa 1948 kuti achoke kwa masabata awiri okha, mu 1951 khothi lalikulu la Israel lomwe linagamula kuti abwerere, koma pa 24 Disembala chaka chomwecho asilikali anaphulitsa nyumba zonse kusiya tchalitchi ndi manda. Zidzukulu zawo ndi nzika za Israel ndipo mpaka lero amaloledwa kukaikako maliro koma osati kukamanga. Ndiye mukaona agogo a ku msasa wa othawa kwawo ku Lebanon kapena ku Gaza atanyamula kiyi wachitsulo wamkulu, si chithunzi chongokometsera, nyumba yake inalipodi. Mlandu suwola. Bungwe la United Nations lothandiza Apalestina othawa kwawo, la UNRWA, limene linakhazikitsidwa mu 1949 ngati chithandizo cha kanthawi lero lili ndi anthu pafupifupi 6 miliyoni m'kaundula wake.

Mu Juni 1967, Nasser wa ku Egypt atatseka njira ya panyanja ya Tiran n'kuunjika asilikali ku Sinai, Israel inayamba kumenya ndipo m'masiku 6 inalanda Sinai, Gaza, West Bank, Jerusalem wa kum'mawa ndi mapiri a Golan. 22 peresenti yotsala ija inalowanso m'manja mwake, pamodzi ndi anthu ake pafupifupi 1 miliyoni. Kwa Ayuda kunali kufikanso pa khoma lopatulika limene Jordan anawaletsa kwa zaka 19, ndipo masiku omwewo nyumba za dera la Mughrabi zinagumulidwa kuti pakhale bwalo lopemphererapo. Chigamulo 242 chinati Israel ichoke m'madera olandidwa posinthana ndi mtendere, koma mawu a Chingerezi sananene kuti madera onse, nde maloya akhala akukokana pa kamawu kamodzi zaka zoposa 50. Mayiko a Aluya atakumana ku Khartoum chaka chomwecho anati palibe mtendere, palibe kukambirana, palibe kuzindikira Israel. Apa Israel inapezeka ndi vuto limene ilinalo mpaka lero, malowo ikuwafuna koma anthu ake sikuwafuna ngati nzika, chifukwa akavota onse boma la Ayuda latha, nde inawasiya pansi pa lamulo la asilikali n'kumati ndi zakanthawi.

Kanthawiko midzi ya Aisraeli inayamba kumera mu West Bank, imene iwo amaitcha Judea ndi Samaria. Malamulo a mayiko onse, mgwirizano wachinayi wa Geneva, amaletsa dziko kusamutsira anthu ake m'dera limene lalanda pa nkhondo, Israel imati derali silinali la boma lina lililonse lovomerezeka choncho lamulolo silikugwira, pafupifupi dziko lonse lapansi silivomereza zimenezo. Poyamba malo ankalandidwa ponena kuti ndi a chitetezo. Mu 1979 pa mlandu wa Elon Moreh kufupi ndi Nablus khothi la Israel linagamula kuti simungalande munda wa munthu ponamizira chitetezo pomwe cholinga ndi kumangapo mudzi. Boma la Menachem Begin linapeza njira ina, linafukula lamulo lija la 1858. M'lamulolo muli mfundo yoti munda ukagonera zaka zitatu osalimidwa ubwerera kwa mfumu yaikulu ya Ottoman, ndipo popeza Israel ndi imene ikulamulira, malowo akhala a boma. Kulembetsa malo mu West Bank Israel inali itakuimitsa mu 1968 gawo limodzi lokha mwa atatu litalembetsedwa, choncho alimi ambiri analibe pepala. Ankaona pa zithunzi zojambulidwa pa ndege, phiri limene likuoneka losalimidwa, la miyala, lodyetserako nkhosa, n'kulilengeza kuti ndi la boma. Taganizani mlimi amene watsekeredwa ndi mpanda kapena akuopa kumenyedwa akapita ku munda, zaka zitatu zikatha munda womwewo ukuwerengedwa kuti wagonera. Ku Jerusalem kulinso lamulo la 1970 lolola Myuda kutenganso malo amene anali a Ayuda chisanafike chaka cha 1948, n'chifukwa chake mabanja a ku Sheikh Jarrah akhala akulimbana ndi zotulutsidwa m'nyumba, pomwe iwowo saloledwa kukatenga nyumba zawo zakale kutsidya kwa mzinda womwewo.

Apalestina nawo anadutsa njira yawo yaitali. Bungwe la PLO, lomenyera ufulu wa Apalestina, linayamba mu 1964, Yasser Arafat anakhala mtsogoleri wake mu 1969, ndipo zaka zoyambazo cholinga chinali kumasula dziko lonse ndi mfuti, magulu ena anabera ndege, ena anapha ochita masewera a ku Israel 11 ku Munich mu 1972. Kupha anthu wamba koteroko ine sindikupezera chifukwa chokuikira kumbuyo, ndipo kunapatsa Aisraeli umboni wa zimene ankaopa kale. Egypt anapanga mtendere payekha mu 1979 n'kubwezeredwa Sinai, PLO inathamangitsidwa ku Lebanon mu 1982, chaka cha kuphedwa kwa anthu m'misasa ya Sabra ndi Shatila. Chimene chinasintha zinthu ndi anyamata a miyala, intifada yoyamba, kutanthauza kuukira kwa Apalestina, imene inayambira ku msasa wa Jabalia ku Gaza mu Disembala 1987, mwezi womwewo umene gulu la Chisilamu la Apalestina la Hamas linabadwa. Pa 15 Novembala 1988 ku Algiers Arafat analengeza boma la Palestine ndipo posakhalitsa anavomereza chigamulo 242, kutanthauza kuti akulandira 22 peresenti yokha. Kwa Mpalestina kumeneko kunali kugonja kwakukulu kale, n'chifukwa chake akamauzidwa kuti agonjerenso pa 22 yomweyo zimamuvuta.

Pa 13 Sepitembala 1993 nduna yaikulu ya Israel Yitzhak Rabin ndi Arafat anagwirana chanza ku White House pamaso pa Bill Clinton, mgwirizano wa Oslo. PLO inazindikira boma la Israel, Israel inazindikira PLO ngati woimira Apalestina, koma sinalonjeze boma pa pepala, ndipo nkhani zonse zolemera, Jerusalem, othawa kwawo, malire, midzi ija, anazikankhira kutsogolo kuti zidzakambidwa m'zaka zisanu. Mu 1995 West Bank inadulidwa patatu. Dera A, pafupifupi 18 peresenti, ndi matauni amene boma la Apalestina limayendetsa. Dera B, 22 peresenti, amagawana. Dera C, 60 peresenti, lili lonse m'manja mwa Israel, ndipo ndi kumene kuli minda yambiri, madzi, chigwa cha Jordan, misewu yolumikiza matauni, ndipo Mpalestina kupeza chilolezo chomangira ngakhale khola kumeneko ndi chinthu chosowa kwambiri, akamanga popanda chilolezo amagumulidwa. A ndi B si dera limodzi ayi, ndi tizilumba toposa 160 tomwazikana mkati mwa C. Zinali za zaka zisanu, pano zadutsa zaka 30. Odana ndi mtendere a mbali zonse anagwira ntchito yawo, Baruch Goldstein anapha Asilamu 29 akupemphera ku Hebron mu 1994, Hamas inaphulitsa mabasi odzaza anthu, ndipo pa 4 Novembala 1995 Rabin anawomberedwa ndi Myuda mnzake Yigal Amir.

Zokambirana za ku Camp David mu 2000 pakati pa nduna yaikulu ya Israel Ehud Barak ndi Arafat zinalephera, Aisraeli amati tinapereka zambiri iye n'kukana, Apalestina amati chimene chinaperekedwa sichinali dziko loima palokha, ndipo anagundana kwambiri pa phiri limodzi lomwelo limene Ayuda amati la kachisi Asilamu n'kumati Haram al-Sharif pamene pali mzikiti wa Al-Aqsa. Intifada yachiwiri inapha Apalestina pafupifupi 3,000 ndi Aisraeli pafupifupi 1,000, ndipo inaphanso chikhulupiriro. Israel inamanga mpanda umene mbali yake yaikulu ikudutsa mkati mwa West Bank osati pa malire a 1949. Mu 2005 Ariel Sharon, nduna yaikulu ya Israel, anachotsa Aisraeli pafupifupi 8,000 ku Gaza popanda mgwirizano, mu 2006 Hamas inapambana zisankho ndi mipando 74 pa 132, mu 2007 inalanda Gaza ndi mfuti kwa a Fatah, chipani chimene Arafat ankatsogolera, Israel ndi Egypt anatseka malire. Kadera ka masikweya kilomita 365, theka la boma la Chiradzulu, anthu oposa 2 miliyoni, ambiri mwa iwo ana ndi zidzukulu za othawa a 1948 aja. Maroketi kutuluka, mabomba kulowa, 2008, 2012, 2014, 2021. Mahmoud Abbas anasankhidwa kukhala pulezidenti wa Apalestina mu 2005 ndipo chisankho china cha pulezidenti sichinachitikenso, Apalestina ambiri atopa naye. Nthawi yonseyi Aisraeli okhala mu West Bank anachoka pa 110,000 ya nthawi ya Oslo kufika pafupifupi theka la miliyoni, osawerengera oposa 200,000 a ku Jerusalem wa kum'mawa.

Pa 7 Okutobala 2023 Hamas inadula mpanda wa ku Gaza n'kulowa mu Israel n'kupha anthu pafupifupi 1,200, ambiri anthu wamba m'nyumba zawo ndi achinyamata pa phwando la nyimbo, n'kugwira ena pafupifupi 250. Nkhondo imene inatsatira inagumula Gaza, unduna wa zaumoyo kumeneko unawerenga akufa oposa 60,000 pofika mu 2025, ana ndi amayi ochuluka, pafupifupi aliyense anasamutsidwa, ena kangapo, ndipo njala inapha ana. South Africa inasumira Israel ku khothi la mayiko onse la ICJ mu Disembala 2023 pa mlandu wofuna kutha mtundu wa anthu, umene Israel ikukana, ndipo mu Julayi 2024 khothi lomwelo pa nkhani ina linapereka maganizo ake kuti kukhala kwa Israel m'madera a 1967 n'kosaloledwa ndipo kuthe. Ife nkhaniyi sili kutali monga timaganizira. Malawi ya Kamuzu inali m'gulu la mayiko ochepa a mu Africa amene sanadule ubale ndi Israel mu 1973, mu 2024 tinatsegula ofesi ya kazembe ku Tel Aviv, ndipo achinyamata athu amene anapita kukagwira ntchito m'minda ya kumeneko chakumapeto kwa 2023 anakalowa m'malo mwa antchito a ku Thailand amene anachoka ndi Apalestina amene ziphaso zawo zinaimitsidwa.

Nanga boma la Palestine lilipo kapena palibe? Pa pepala lilipo. Mu 2012 mayiko 138 anavota kuti likhale ndi mpando woonerera ku United Nations, mayiko oposa 150 amalizindikira, Spain, Ireland ndi Norway analowa mu 2024, ndipo mu Sepitembala 2025 Britain mwini wake wa kalata ya Balfour, Canada, Australia ndi France anatsatira. Umembala wathunthu America amautsekereza ndi voti yake yokanira. Koma pa nthaka boma limeneli silolamulira malire ake, ndalama yake ndi shekel ya Israel, misonkho ya katundu wolowa imatoleredwa ndi Israel imene imatha kuigwira ikafuna, ndipo pulezidenti wake yemwe kuti atuluke ku Ramallah kupita kunja amadutsa pa zipata za Israel. Kumbali ya Israel, ambiri pambuyo pa 7 Okutobala amati tinachoka ku Gaza tinalandira chiyani, tichokenso ku mapiri oyang'anizana ndi Tel Aviv ndi bwalo lathu la ndege? Mantha amenewo ndi enieni ndipo sindiwapeputsa. Koma sindikuonanso mmene mantha angafotokozere nyumba zatsopano zomangidwa pa phiri la mwini wake chaka ndi chaka.

Mwezi umodzi Britain asanazindikire Palestine, mu Ogasiti 2025, Israel inavomereza pulani yomanga nyumba pafupifupi 3,400 pa dera lotchedwa E1, masikweya kilomita 12 okha pakati pa Jerusalem ndi mudzi waukulu wa Aisraeli wa Ma'ale Adumim. Pulaniyi inakhala m'kabati zaka zoposa 20 chifukwa ngakhale maboma a America ankaikana, poti ikamangidwa West Bank iduka pakati, Ramallah kumpoto Bethlehem kumwera, ndipo Jerusalem wa kum'mawa amene Apalestina akufuna likhale likulu lawo atsekeka. Nduna ya zachuma Bezalel Smotrich sinabise, inanena poyera kuti cholinga ndi kukwirira ganizo la boma la Palestine. M'mapiri ozungulira pamenepo mukukhala abusa a fuko la Jahalin, amene makolo awo anachotsedwa ku Negev kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1950. Mudzi wawo wina, Khan al-Ahmar, uli ndi sukulu ya pulaimale imene inamangidwa mu 2009 ndi matayala akutha a galimoto ndi dothi chifukwa chilolezo cha simenti sakanachipeza, ndipo mu 2018 khothi linavomereza kuti mudziwo ukhoza kugumulidwa.